Phokoso la Kuchipinda kwa Mwana Wanga

Bambo ake atamwalira, mwana wanga sanalire. Anali mnyamata wa kusekondale. Titabwerera ku Thamesmead, kumene tinkakhala m'nyumba yosanja kudziko la azungu, kuchokera kumaliro kumudzi, anayamba kudzitsekera kuchipinda ndi nyimbo za gulu lina la azungu, zimene ankati ndi grunge.

Nyimbozo ndinazidziwira kuseri kwa khoma. Chimbale choyamba chinali ndewu yeniyeni: magitala ankalira ngati chigayo chotha mano, woimbayo akukuwa ngati waponda moto. Ndikatsika basi pochokera kuntchito yosamalira okalamba, ndinkazimva ndikadali pamasitepe. Aneba apansi ankagogoda kudenga kwawo ndi mtengo wa tsache, ine n'kumamukalipira mwanayo mpaka mawu kusasa.

Kenako anasamukira ku chimbale chachiwiri. Ng'oma zinachepa liwiro, ndipo woimba uja ankayamba monong'ona, n'kudzaphulika pakati pokha. Ndinati zayamba kuyenda.

Chachitatu chinalibe kukuwa n'komwe. Gitala mmodzi wosalumikiza kumagetsi, ndi mawu otopa a munthu amene waleka kulimbana. Aneba anayamba kundimwetulira. Ine mtima unali m'mwamba. Kwathu pamaliro sitidandaula za wolira mogubuduzika. Timayang'anira amene wakhala phee pakona, ndipo timamuikira munthu womulondola kulikonse. Wanga ndinalibe womusiyira. Chakudya ankangochigwiragwira, anzake anasiya kumuyendera. Kuntchito ndinkadyetsa nkhalamba phala ndikuganiza za zenera la chipinda chake, poti tinkakhala pamwamba. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzatsegula chitseko n'kupeza ndachedwa.

Loweruka lina masana ndinalowa osagogoda. Anali chagada pabedi, maso kudenga.

"Ika chija chaphokoso," ndinatero.

"Amayi, mumadana nacho," anayankha m'Chingerezi, monga mwa chizolowezi chake.

"Ndimadana nacho zedi. Ika, ukweze."

Anaika. Ndinakhala pansi, n'kutambasula miyendo monga tichitira pasiwa. Woimba atayamba kukuwa, nanenso ndinakuwa, kuitana mwamuna wanga m'Chichewa, kumufunsa chimene anatisiyira m'dziko la eni. Mwanayo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Kenako anabangula kulira kumene anakusunga kuyambira kumanda.

Pansi tsache linayamba kugogoda. Mwana anatambasula dzanja kuti atsitse, ine n'kuligwira.

"Asiye agogode," ndinatero.