Geti la a Buluu

Mvula ikangoleka, a Buluu ankapenta geti. Sanaphonyepo chaka. Dzinalo tinawapatsa chifukwa cha penti yabuluu yomweyo, ndipo ankavomera.

Mumzinda wathu mvula imagwa pafupifupi chaka chonse. Imapuma masabata asanu ndi limodzi okha. Matope amauma, nyanja imadekha, alendo amadzaza mabasi kudzasambira ndi kudzajambulitsa pamchenga. Mahotela akadzaza, otsalawo amayenda m'misewu ndi zikwama kufuna pogona, ndipo amaima pageti lowala.

Ine ndimasoka nsapato pansi pa mtengo, moyang'anana ndi getilo. Wosoka nsapato amawerama, koma amaona.

Nyumbayo inali ya mayi awo. Chipinda cha zenera loyang'ana kunyanja chinali cha mayiwo. Penti ikauma, a Buluu ankasamutsa banja lonse kuti alendo alowe: iwo, mkazi ndi mwana wawo wamkazi kukhitchini, mayi awo kuseri, m'kachipinda ka makala, kamalata, kopanda zenera. Poyamba chitseko chinkakhala chotsegula. Koma mayiwo atayamba kuiwalaiwala, tsiku lina analowa m'chipinda chawo, napeza mlendo pabedi, nkumufunsa kuti ndi mwana wa yani. Mlendoyo ananyamula chikwama. Tsiku lomwelo a Buluu anagula loko.

Malata akatentha masana, chitsekocho chinkagogoda.

"Kuseriko kuli chiyani?" anafunsa mlendo wina wa chipewa chachikulu.

"Mbuzi, bwana," anatero a Buluu. "Ikamva fungo la alendo imafuna kudzapereka moni."

Mlendoyo anaseka. A Buluu anaseka kuposa iye.

Ndinalankhulapo kamodzi, atabwera ndi nsapato yoduka lamba.

"Achimwene, mayi aja muziwatulutsako m'mawa, apitidweko mphepo."

"Mukawafuna atengeni," anayankha. "Pansi pa mtengo wanu pali malo. Apo ayi, sokani nsapato."

Ndinasoka nsapatoyo.

Chaka chachitatu cha loko, kugogoda kunaleka Lachitatu. Lachinayi ndinaona mkazi wa a Buluu akuchokera kuseri ndi mbale ndi kapu, zonse zosakhudzidwa. Anakhuthulira madziwo pamaluwa. Alendo a sabata imeneyo anali banja la ana awiri, oti anyamuka Loweruka. Lachisanu a Buluu anawaperekeza kunyanja, kamwana kamodzi atakasenza paphewa, akuimba. Pobwerera anagula matumba anayi a madzi oundana, nadutsa nawo kumbali kwa nyumba kupita kuseri. Mwana wawo wamkazi ndiye anawatsegulira loko.

Maliro a mayiwo analengezedwa Loweruka masana, basi itachoka. A Buluu analira mpaka kuwagwira anthu awiri.

"Apita bwino, ali m'tulo, pabedi pawo," ankauza aliyense wobwera. Atafika pa ine anandiyang'ana m'maso. Ine ndinayang'ana nsapato zawo. Lamba uja anali akugwirabe.

Zaka zinapita. Mkazi wawo anabwerera kwawo osatsanzika. Geti linkapentedwabe, alendo ankabwerabe, ena mpaka kubwereza, kuyamikira ukhondo ndi nthabwala za mwininyumba. Kenako a Buluu anagwa m'bafa, nafa mbali imodzi. Pakamwa panapotoka, malovu osaleka. Makiyi anatenga mwana wamkazi uja, tsopano mayi wa ana ake.

Komaliza kuwaona akupenta kunali chaka chatha. Mvula inaleka Lamlungu. Lolemba m'mawa anatuluka akukoka mwendo, chitini cha penti atachikoloweka pa mkono wakufawo, burashi kudzanja lamanzere. Palibe anawatuma. Ntchito ya ola limodzi inawatengera mpaka dzuwa pamutu. Penti inkayenderera m'chigongono, ina kugwera pansi.

Mwana wawo anatuluka, loko ali m'manja. Anali loko yemwe uja.

"Ababa, zakwana. Basi ifika thuu koloko. Malovuwo alendo asawaone."

"Mwanawe," anatero a Buluu, lilime likulemera, "kumatentha kuja."

"Ndi masabata sikisi okha. Agogo ankatha bwanji?"

"Ndikhala chete. Sindilowa m'nyumba."

"Mukagogoda ndidziwa chowauza," anatero mwanayo. "Munandiphunzitsa ndinu."

A Buluu anatembenukira kwa ine. Msewu wathu ndi waung'ono, sanafunike kukweza mawu.

"Achimwene, pansi pa mtengo wanu pali malo?"

Malo analipo. Benchi langa limakwana anthu atatu. Ndinali ndi nsapato ya munthu m'manja, singano ili pakati pa chikopa. Ndinaikoka, ndinalasanso.

A Buluu anadikira pang'ono. Kenako maso awo anagwera pansi pa geti, pafupi ndi chokhomera, pamene panatsala kadzimbiri kosapentedwa. Anawerama movutika, anaviika burashi, anapaka kawiri mpaka padatsekeka. Anatseka chitini ndi chigongono, natsata mwana wawo kuseri.