Masamba a Bulugamu M'kabotolo

Chaka chimene ndinamaliza sitandade eyiti, ababa anayamba kudya mobisala. Ankatenga mbale yawo n'kupita kuseri kwa nyumba yathu ya kumalaini, pa esiteti pamene ankagwira ntchito yothyola tiyi. Ndinkawamva akutsokomola ndi kudziguguda pachifuwa. Chakudya chinkawaima pakhosi. Pofika nyengo ya mvula ankangomwa phala lamadzimadzi, ndipo zingwe za dengu zinayamba kuwasupula m'mapewa poti mnofu unali utatha.

Amayi anamwalira kale, choncho m'nyumbamo tinali awiri. Nditawachonderera kwambiri, anapita kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Anabwerako ndi kabotolo kopanda kanthu. Achipatala anawauza kuti abwerere mawa lake ndi mkodzo wam'mawa kuti akawaonenso bwino. Koma tiyi anali ataphukira paliponse, ndipo ababa anati akapitawo sangawalole kujomba kawiri. Anatuma ine.

Kwathu mwana wamkazi salowa ngakhale kuchipinda kwa bambo ake. M'mawa umenewo sitinayang'anane. Anasiya kabotoloko pawindo atakakulunga m'kansalu, n'kunyamuka ndi dengu lawo. Ndinakanyamula ndi manja awiri, ndikuyenda cham'mbali mwa msewu, ndipo aliyense wondipatsa moni ndinkaganiza kuti wadziwa.

Anamwino amene anandilandira anali mayi wonenepa, wa chilankhulo chakumpoto. Atamasula kansalu kaja anakweza kabotolo m'mwamba. M'kati munkayandama masamba obiriwira otikitatikita. Atatsegula, chipinda chonse chinamveka fungo la bulugamu, mitengo ija esiteti imadzala kuti ipeze nkhuni zoumitsira tiyi. Ndinazindikira pomwepo. Ababa sanafune kuti mwana wawo amve fungo lawo.

"Waikamo ndiwe?" anandifunsa.

"Eya," ndinanama, maso ali pansi.

"Mwana wanga, ukufuna tiyeze munthu kapena mtengo?" Anaseka pang'ono, kenako anandikhazika pabenchi. "Fungo limene wabisali lili ndi ntchito. Kunjaku akatswiri akuyesa makina onunkhiza mpweya wotuluka mumkodzo, kuti azidziwira msanga khansa yakummero ndi yam'mimba. Kuno sanafike. Koma atafika lero, akanati bambo ako ndi nkhuni za kufakitale."

Sindinathe kuseka. Nkhope inkanditentha, ndipo mawu akuti khansa ndinali ndisanawamvepo akunenedwa pafupi ndi ababa.

"Sindikuti ndi imeneyo," anatero atandiona. "Koma munthu amene chakudya chikumuima pakhosi sitimuyezera m'botolo mokha. Abwere yekha. Ukanene momwe ndaneneramu, osakometsa."

Anandipatsa kabotolo kena.

Madzulo ababa atabwera, ndinagwada patali monga mwa masiku onse. Panjira ndinali nditakonza mawu ozungulira, oti madzi aja, zinthu zija. Koma ndinaona mmene khosi lawo linaonekera mitsempha pomeza malovu okha.

"Ababa, mkodzo wanu aukana."

Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga ngati khala lamoto. Ababa anayang'ana kukhoma.

"Akuti usamaikidwe kanthu. Akutinso mupite nokha, chifukwa mwina ndi matenda aakulu akummero."

"Masamba aja anawaona?"

"Ndinati ndinaika ndine."

Anapotokola chipewa chawo m'manja.

"Ndiye wasenza manyazi anga kawiri, mwanawe," anatero motsitsa mawu.

Kutacha dengu linatsala pakhomo. Anavala jekete lawo lakutchalitchi, limene tsopano linkawalendewera, ndipo kabotolo anakaika okha m'thumba lam'kati. Tinadutsa pakati pa minda, anzawo atayamba kale kuthyola. Mmodzi anakuwa kufunsa ngati akukafunsira mbeta. Ababa anangokweza dzanja osaima.

Anamwino aja atationa pakhomo anati, "Lero mwabweretsa mtengo kapena munthu?"

"Munthu, amayi," anayankha ababa, akuvula chipewa. Analowa, ine n'kutsala pabenchi panja.