Chipsera pa Boneti ya Abambo

Abambo anga anali ndi pikapu yofiira yomwe anagula atapuma ntchito ya uphunzitsi. Atadwala sitiroko, dzanja lamanja linafa, mawu nawonso anathawa, ndipo galimotoyo inangokhala m'chigafa kwathu ku Mvera, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Penti yake inachita mbuu ngati miyendo yosadzola.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pamalo otsukira magalimoto ku Lilongwe, ndipo ndinali nditaphunzira kupolisha ndi makina. Kunena zoona, ndinkadzimva. Nditamva kuti Lamulungu kuli Mgonero ndipo abambo akulakalaka kupitako, ndinati sangakwezedwe pakabaza ngati thumba la chimanga. Adzapita pa galimoto yawo, ikuwala. Ndinabwereka batire kuti galimotoyo ilire, n'kulongedza makina ndi masiponji awiri m'chikwama.

Ntchitoyi ili ndi malamulo awiri. Loyamba ndi siponji, yomwe imamatidwa kunsi kwa makina n'kumazungulira. Iyenera kukhala yoyera, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamakanda galimoto yonse. Umaitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, kuifinya ndi chikhatho osapotokola, n'kuiyanika pamalo opanda fumbi. Lachiwiri ndi liwiro. Pa makinawo pali kagudumu ka manambala, kuyambira 1 mpaka 6. Penti yokalamba imafuna 2, ukalimba mtima 3, ndipo dzanja lisaime malo amodzi. Ukafika pa 6 siponji imatentha n'kudya penti. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Lachisanu ndinapolisha m'mbali monse, ndipo kufiira kunayamba kubwerera. Madzulo ndinaponya masiponji akuda aja m'beseni n'kupita kukacheza ndi anzanga kumsika. Amayi ndi munthu amene salola chinthu chakuda kugona m'nyumba mwawo. Anawatenga n'kuwatsuka mmene amatsukira mapoto, ndi phulusa ndi kamchenga, n'kuwayanika pathandala pamodzi ndi mbale. M'mawa anandipatsa akumwetulira.

Nditangowagwira ndinamva mchenga m'zala. Ndinatenga imodzi n'kuitsukuluza kambirimbiri mpaka nditatsimikiza kuti mulibe kanthu, kenako n'kudikira kuti iume. Dzuwa linakwera ndithu. Masiku amenewo magetsi ankazima masana, ndipo boneti yonse inali isanakhudzidwe. Abambo anali pampando wawo pakhonde, bulangete m'miyendo, akundiyang'ana.

Ndinayamba pa 2. Makina ankayenda mwaulesi, ine mtima uli m'mwamba. Chala changa chinakankha kagudumu kufika pa 4, kenako pa 6. Ndinkati ndimalize magetsi asanapite. Pamzere wotukuka wa pakati pa boneti ndinakanikiza pang'ono, ndipo ndinamva fungo ngati la jumbo yopsa. Nditanyamula makina, panali chipsera chotuwa, kukula kwake ngati chikhatho changa. Penti inali itapita.

Abambo anabuula. Manyazi anandigwira, ndipo manyazi anga sachedwa kusanduka ukali.

“Amayi!” ndinakuwa. “Bwerani muone zimene mwachita! Anakutumani ndani kugwira zinthu zanga? Si mapoto awa!”

Anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana chipseracho nthawi yaitali.

“Pepa mwanawe,” anatero. “Ndimati ndikuthandize.”

Kenako anapita pakhonde, n'kugwada pafupi ndi mpando uja. “Pepani abambo. Ndakuonongerani galimoto.”

Abambo sanawayang'ane amayi. Ankayang'ana ine. Anali ataona chala changa pa kagudumu kaja, ndipo munthu amene wakhala zaka zambiri kutsogolo kwa kalasi salephera kuzindikira mwana wonama. Milomo yawo inagwedera, malovu anatsika, mawu osatuluka. Ndinadziwa kuti sangathe kundineneza, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'chakuti mtima wanga unakhala pansi.

Lamulungu ndinawapititsa kutchalitchi. Titawatsitsa abambo, amayi anavula chitenje chapamwamba n'kuchiyala pa boneti kuti anthu asaone. Akulu a mpingo anayamikira mmene m'mbali munkawalira, ine n'kumangoti zikomo, zikomo.

Abambo anatisiya mvula yotsatira itangoyamba. Nkhani ya chipsera amayi anaisandutsa yawo. Ankauza aliyense wobwera kudzawaona, akudziseka okha kuti umbuli ndi matenda, koma kusekako sikunkafika m'maso. Anasiyiratu kugwira zinthu zanga. Ngakhale malaya anga akuda ankayamba afunsa: “Awa ndingachape, kapena ali ndi malamulo ake?” Nthawi iliyonse ndinkati ndiwauza ulendo wamawa. Chaka chinatha, china chinatha. Bodza likakhalitsa limamera mizu.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona. Sindinawapeze m'nyumba. Anali m'chigafa, atawerama pa boneti, akupaka mafuta ophikira pa chipsera chija ndi kansanza. Dzimbiri linali litayamba kudya m'mphepete mwake.

“Ndimapaka sabata iliyonse kuti lisafalikire,” anatero osatembenuka. “Ndikakafika kumeneko, abambo ako akandifunsa.”

Apa m'pamene ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse: kuti siponji ija ndinaitsukuluza ndekha ndipo inalibe mchenga, kuti mchenga umangokanda koma sutentha penti, kuti chinaotcha ndi liwiro limene ndinakweza ndi chala changa. Ndinalankhula mofulumira, maso ali pa matayala akuphwa.

Amayi anapinda kansanza kaja pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena anena kuti zinapita kale.

“Abambo ako ankadziwa?”

“Ankadziwa.”

“Ndiye tsiku lija ndinagwada pamaso pawo, iwo akudziwa, iwenso ukudziwa?”

Ndinangogwedeza mutu.

Nkhuku inatuluka kunsi kwa galimoto n'kudutsa pakati pathu. Kenako amayi anatenga dzanja langa, n'kuikamo kansanza kamafuta kaja, n'kulifumbatitsa.

“Zaka zonsezi,” anatero, “unandisiya ndikusenzere.”

Anatuluka m'chigafa akuyenda mwapang'onopang'ono, ine n'kutsala ndi kansanzako m'manja.