Nyama Yofiira ya Mayi Malita

Mukafunsa za Mayi Malita Kachingwe ku Maryhill, m'nyumba zosanjikizana zoyang'ana ngalande zija, anthu adzakuuzani zinthu ziwiri: amasamalira okalamba, ndipo ndi amene amagawa nkhosa. Ntchito yachiwiriyi anadzilemba okha. Atangofika ku Glasgow analawa nyama ya m'supamaketi, yokutidwa m'pulasitiki, ndipo anagamula kuti ikukoma ngati siponji. Anafufuza mpaka anapeza Bruce, mlimi wa munda waung'ono kunja kwa mzinda, munthu wodziwa nkhosa zake ndi nkhope zomwe. Mwezi ndi mwezi Bruce amaphetsa imodzi kumalo ovomerezeka, Mayi Malita n'kuigawa kwa mabanja angapo a kutchalitchi. Mwendo unkatsala kwawo, poti wogawa ndi iwo.

Zinthu zinasokonekera pamene amuna awo, Bambo Fryson, oyendetsa basi, anapezeka ndi BP yokwera kwambiri. Dokotala sanazungulire: akapanda kusintha kadyedwe, sitiroko ikubwera, ndipo chiwongolero achisiya.

Mwezi womwewo kutchalitchi kunabwera mayi wochokera ku bungwe lina la zaumoyo kudzaphunzitsa za kadyedwe koyenera. Tiyi wa tsikulo anaperekedwa mwachifundo ndi kampani ina yaikulu yogulitsa nyama, ndipo patebulo panadzaza masoseji. Wodziwa makomiti sangadabwe. Chiganizo chikalowa m'chipinda muli madokotala, akuluakulu a maofesi ndi eni ng'ombe zosawerengeka, chimatuluka chikutsimphina. Mayiyo anaonetsa chithunzi cha mbale yogawidwa ngati mapoloti, koma sanatchule ng'ombe, nkhosa kapena nkhumba. Bambo Japhet, mkulu wa mpingo amene ankamasulira, anangotsata mawu mokhulupirika: "Akuti tingaganizire zochepetsa nyama yofiira."

Mayi Malita anamva bwino lomwe. Wophika aliyense wa kwathu amadziwa kuti nyama imafiira mumphika, madzi akaphwa, mafuta akayamba kulira. Yosafiira ndi nyama ya waulesi. Koma moyo wa mwamuna ndi waukulu kuposa ulemu wa mphika, choncho anasiya kukazinga. Anayamba kungowiritsa. Ndipo poti nyamayo tsopano inali yotuwa, yopanda mlandu, ankawathirira amuna awo yambiri kuti alimbe.

"Mayi a Rachel, nkhosa imeneyi inafa ndi mantha?" anafunsa Bambo Fryson akuigwedeza ndi supuni.

"Idyani, bambo. Ndi ya boma imeneyo."

Bambo Fryson anadya nyama ya bomayo nyengo yonse yozizira, m'mawa yotsala, madzulo yatsopano. Atapitanso kukayezetsa, BP inali pomwepo, ndipo dokotala anayamba kukamba zolembera kalata mabwana awo a kuntchito.

Mwana wawo Rachel, namwino amene anakulira kuno ndipo Chichewa chake chimamveka mphuno za ku Glasgow, anabwera Loweruka n'kuvundukula mphika.

"Amayi, ichi n'chiyani? Si a zaumoyo aja anakana nyama yofiira?"

"Yang'anitsitsa, iwe. Yafiira pati?"

Rachel anakhala pampando. Anayamba kuseka, kenako anayang'ana bambo ake n'kusiya. Anafotokoza pang'onopang'ono, Chingerezi chikumuthawira m'kamwa, kuti azungu akati yofiira akunena mtundu wa chiweto, osati kapsedwe. Ng'ombe, nkhumba, nkhosa: kaya muwiritse, kaya muipempherere, imakhalabe yofiira. Masoseji ndiye osanena.

"Ndiye ankalephera chiyani kunena kuti nkhosa?" anafunsa Mayi Malita. "Dzina lake ndi lalitali?"

"Mwina ankaopa eni tiyi," anatero Bambo Fryson. Kenako mawu awo anatsika. "Ndiye kuti ndavutika ulere?"

Apa ndi pomwe anthu ena akanaimbira Bruce foni n'kumuuza kuti basi. Rachel ankafuna zimenezo. Mayi Malita anakana. Kumusiya Bruce, anatero, n'kupereka munda wake kwa anthu a masoseji aja, ndipo iwo sanakwere ndege kudzathandiza zimenezo. Komanso kudya nyama pang'ono sikunali kwachilendo. Kwawo ku Ntcheu mbuzi imodzi inkakwanira mudzi, nyama inkabwera ngati mlendo, ndipo sabata yonse ndiwo zinali nyemba, nandolo ndi masamba. Panalibe komiti imene inawaphunzitsa.

Lamlungu, mapemphero atatha, anaimirira pa nthawi ya zolengeza ndi kunena kuti nkhosa ya Bruce izigawidwa kwa mabanja ambiri kuposa kale, aliyense pang'ono, ndipo ophunzira a payunivesite okhala ku Hillhead alowemonso. Bambo Japhet anawapempha kuti afotokoze chifukwa. Anafotokoza. Amayi ena atatu anayang'ana pansi, ndipo zinadziwika kuti mumpingomo munali miphika ina imene inkawiritsa.

Mwendo anaupereka. M'nyumba mwawo tsopano nyama imaoneka Lamlungu lokha, tizidutswa tiwiri pambali pa nyemba ndi kabichi, mchere wongowaza. Dokotala anawonjezera mapiritsi, BP inatsika, ndipo Bambo Fryson akuyendetsabe basi yawo, akudandaula za nyemba kwa aliyense womva Chichewa amene wakwera.

Tizidutswa tiwirito Mayi Malita amatikazinga mpaka tifiire. Rachel atayamba kutsutsa, anamuyankha asanatembenuke n'komwe: "Unanena wekha kuti n'chimodzimodzi. Ndipatse anyezi."