Mbiya zitatu za kuseri kwa nkhokwe

Ndikukumbukira bwino Aphunzitsi Chimkono, amene ankatiphunzitsa pasukulu ya mishoni kufupi ndi Nsaru m'zaka za m'ma 1950. Ndinkawakonda kuposa bambo anga, poti bambowo anali atakhalitsa ku Halale ndipo nkhope yawo ndinali nditaiwala.

Tsiku lina anabwera ndi mabotolo asanu, ena odzaza madzi, ena theka, limodzi lopanda kanthu. Ankawagogoda ndi msomali, lililonse n'kumalira mwakemwake. Kenako anatiuza kuti tigwire pakhosi n'kuyimba, ndipo zala zanga zinamva kunjenjemera.

"Liwu ndi kunjenjemera basi," anatero. "Chiwiya chopanda kanthu chimanjenjemera momasuka, chodzaza chimalemedwa. Mukagogode miphika ndi mitsuko yonse kwanu, mawa mudzandiuze."

Ine ndinali kamtsikana kosafuna kupambanidwa. Masana amenewo ndinagogoda chilichonse pakhomo, ngakhale mtondo. Kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mapesi, ndinapeza mbiya zitatu zovundikira. Zinangoti di, di. Nditagunditsa khutu ndinamva zikunong'ona zokha, ngati mvula ikamayamba padenga la udzu.

Mawa lake ndinakweza dzanja aphunzitsi asanamalize n'kufunsa komwe, ndipo ndinawauza za mbiya zonong'ona zija.

"Zikunong'ona, eti?" anatero akumwetulira. "Zili pati, mwanawe?"

Ndinalongosola mpaka mapesi omwe. Anandiyamikira pamaso pa onse n'kundipatsa kachidutswa ka choko. Ndinakafumbata njira yonse, dzanja mpaka thukuta.

Amayi anali atayenda kalasi ya ubatizo zaka zinayi, Lachinayi lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo ankayembekeza kubatizidwa pa Pasaka. Mpingo wathu unkaletsa mowa. Koma udzu unali utameza chimanga, pakhomo popanda mwamuna, choncho amayi anafulula mowa wa dima, woti anthu adzatipalirire munda n'kumwa akaweruka. Kunong'ona kuja kunali kuwira kwa mowawo.

Patapita masiku awiri kunabwera akulu a mpingo awiri, aphunzitsi ali pambuyo. Sanafufuze m'nyumba. Analunjika kuseri kwa nkhokwe n'kuchotsa mapesi. Aphunzitsi anandidutsa pafupi osandiyang'ana.

Lamlungu m'tchalitchi anawerenga mayina atatu a ochotsedwa m'kalasi ya ubatizo: amayi, ndi azimayi ena awiri. Onsewo anali ndi ana m'kalasi mwathu. Apo m'pomwe ndinazindikira chifukwa chimene tinatumidwira kukagogoda. Ndinapsa mtima, koma koposa ndinachita manyazi ndi choko chimene chinali chikadali m'thumba la diresi yanga.

Pobwerera kunyumba ndinati, "Amayi, ndinanena ndine."

Anandiyankha akuyendabe. "Ndikudziwa. Iwe unanena zoona, mwanangu. Wonama ndi amene anakufunsa."

Sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka atandimenya. Ku kalasi sanabwererenso, ndipo anamwalira osabatizidwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti phunzirolo linali loona, ndiponso lokoma. Sindinamvetse liwu bwino chotero kwa munthu wina aliyense. Mwana amapereka khutu lake lonse kwa mphunzitsi, ndipo Aphunzitsi Chimkono analandira langa n'kuliika pakhomo pa amayi.

Ndinadzakhala mphunzitsi nanenso, ndipo za liwu ndinkaphunzitsa chaka ndi chaka. Mabotolo ndi msomali ndinkabwera nazo ndekha. Mwana akakweza dzanja mokondwa n'kuyamba kuti, "Kwathu kuli mtsuko wina wake," ndinkamudula msanga.

"Za kwanu zisiye kwanu komweko. Bwera ugogode ili."