Yankho limene Tiyamike anafufuta

Lolemba lapitali mwana wa mchimwene wanga, Tiyamike, anafika kwathu kuno ku Migowi kuchokera kwa Mkhumba atanyamula kabuku ka mafunso, pensulo ndi labala. Banki ina inamuitana kuti akalembe mayeso ku Blantyre Loweruka, ndipo okhawo amene apambane ndi amene adzaitanidwe ku intavyu. Mtsikanayu ali ndi dipuloma ya za malonda, koma chitsirizire sukulu zaka zitatu zapitazo wakhala akuthandiza mayi ake kulima chinangwa ndi nandolo. Makalata ofunsira ntchito walemba ambiri. Imene inamuyankha ndi banki imeneyi yokha.

Masamu samuvuta. Chimene chinamubweretsa kwa ine ndi gawo la mayesowo limene limayesa kaganizidwe ka munthu. Amakupatsa ziganizo ziwiri, kenaka chachitatu, n'kukufunsa ngati chachitatucho chikuchokeradi pa ziwiri zija. Mayankho alipo atatu okha: zoona, zabodza, kapena sitingadziwe.

Mafunso a m'kabukumo ali m'Chingerezi ndipo amakamba za zinthu zakutali, choncho ndinayamba ndi kumulembera langa: "Ogulitsa nsomba onse a pa msika uno amabwera pa njinga. Bambo uja wabwera pa njinga. Choncho bamboyo ndi wogulitsa nsomba."

Sanachedwe. Anachonga pa "sitingadziwe".

"Njinga si ya ogulitsa nsomba okha, azakhali," anatero. "Akhoza kukhala wakabaza, kapena abusa akupita kukaona odwala."

Yankho linali lolondola, chifukwa chake chinali cholondolanso. Koma ine, mwa chizolowezi cha zaka zambiri za m'kalasi, ndinatsitsa magalasi n'kumufunsa kuti, "Watsimikiza?"

Anandiyang'ana kumaso, osati pa pepala. Kenaka anatenga labala.

"Pepani azakhali, ndi zoona."

"Watsimikiza?"

"Kapena... zabodza."

M'kanthawi kochepa mwanayu anayendera mayankho onse atatu, pamene m'funsomo simunasinthe ngakhale liwu limodzi. Chimene chinasintha ndi nkhope yanga basi.

Owerenga anga, musafulumire kumuseka. Zimenezi anaziphunzira kwa ndani?

Pakhomo, munthu wamkulu akafunsa mwana kuti "Wati chiyani?" sikuti sanamve ayi. Akumupatsa mpata woti abweze mawu ake zinthu zisanaipe. M'kalasi, mphunzitsi akabwereza funso, ana onse amadziwa kuti mnzawo waphonya, pakuti wolondola timangomuuza kuti akhale pansi, n'kupitiriza phunziro. Pano ndikunena zimene ndachita ndekha, osati zongomva. Mwana wochenjera amazindikira msanga kuti njira yachidule yopezera yankho si kusinkhasinkha funso, koma kuwerenga nkhope ya wofunsayo. Ndipo pamene ali wochenjera kwambiri, m'pamene amaiwerenga bwino kwambiri.

Lachitatu tinafika pa funso la mtundu wina, limene ndinalisandutsanso la kuno kwathu: "Alimi ena a mpunga ndi asodzi. Asodzi onse ali ndi mabwato. Choncho alimi ena a mpunga ali ndi mabwato." Tiyamike anachonga pa "zoona". Ine nditangoona liwu lakuti "ena" ndinathamangira kumuuza kuti waphonya, yankho ndi "sitingadziwe". Anafufuta mwakachetechete, n'kulemba langa.

Nditatsegula kumapeto kwa kabukuko, kumene kuli mayankho, ndinapeza kuti wolakwa ndinali ine. Ngati alimi ena ndi asodzi, ndipo palibe msodzi wopanda bwato, ndiye kuti alimi amenewo mabwato ali nawo. Palibe pothawira.

"Unadziwa kuti ndalakwitsa?" ndinamufunsa.

Anaweramitsa mutu. "Ndinaona, azakhali."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndikanayamba bwanji?"

Funso limenelo silinali lachipongwe. Analidi wosadziwa poyambira. Zaka zonse za kusukulu, dipuloma ili m'manja, koma palibe amene anamuphunzitsa mawu oyambira pamene akufuna kuuza munthu wamkulu kuti walakwitsa.

Ndinamuikira lamulo. Yankho lililonse, lolondola ndi lolakwika lomwe, ndizimufunsa ngati watsimikiza. Iye asakhudze labala pokhapokha atandilozera ndi chala liwu la m'funsomo limene lamusinthitsa maganizo. Akapanda kulipeza, anene kuti, "Azakhali, ine ndikuonabe choncho," n'kupereka chifukwa chake.

Lachinayi mayi ake anabwera ndi nandolo ku msika, n'kupatukira kwathu. Anatipeza tili mkati mwa zimenezi, ndipo anamvetsera kanthawi ali chiimire pakhomo.

"Alamu," anatero atakhala pansi, "mwana ameneyu tinamulera bwino ife. Inu mukumuphunzitsa makani? Kubankiko akufuna wamakani?"

"Akufuna woti bwana akamupatsa pepala lolakwika kuti asayine, anene kuti lalakwika."

"Ndiye adzamuchotsa ntchito."

"Akasayina adzamumanga. Musankhe nokha, alamu."

Anaseka mpaka kugunda m'manja. "Inu mumayankhula bwino. Koma tandiuzani, inu nomwe, ndani anakutsutsanipo n'kudya bwino tsiku limenelo? Achimwene anu omwe akamva kuti mukubwera amakasintha malaya."

Tiyamike anabisa nkhope m'kabuku. Alamu ananena zoona.

Ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti ulemu ndi woipa, ndipo mwana wopanda mwambo sindimusekerera. Ndikunena kuti tasakaniza zinthu ziwiri zimene siziyenera kusakanizidwa. Ulemu uli m'kayankhulidwe: kugwada, kutsitsa mawu, kudikira kuti wamkulu atsirize. Ulemu sulowa m'yankho. Munthu akhoza kugwada bwinobwino n'kunenabe kuti alimi aja mabwato ali nawo.

Taganizirani misonkhano yathu, kaya ya kutchalitchi, kaya ya komiti ya sukulu. Wapampando amapereka maganizo ake, n'kufunsa kuti, "Ndikhulupirira tonse tagwirizana?" Manja amawombedwa. Msonkhano weniweni umayamba pa njira yobwerera kunyumba, anthu awiriawiri, aliyense akufotokoza mwatsatanetsatane pamene mfundoyo yapotoka. Nzeru anali nazo onsewo. Anangozisungira pa msewu, pamene sizingakonze kanthu.

Timakonda kunena kuti mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kawirikawiri zimaterodi. Koma makolo omwewo anatinso wakutsina khutu ndi mnansi. Sanati wotsinayo ayambe waonetsa kuti anabadwa chaka chiti.

Tsono ana amene tawazoloweretsa kuwomba m'manja chotere timawatumiza ku mayeso kumene kulibe nkhope yoti awerenge. Kuli pepala, wotchi, ndi ziganizo zitatu. Akalephera timati mayeso a masiku ano ndi ovuta, kapena kuti ntchito zimangopita kwa ana a anthu odziwika. Mwina nthawi zina zimatero. Koma tisanaloze kutali, tinawapatsapo mpata woima pa yankho lawo pamaso pathu?

Pofika Lachisanu m'mawa Tiyamike anali atayamba kulimba. Kawiri konse ndinakwinya nkhope dala pa yankho lolondola, ndipo kawiri konseko anati, "Azakhali, ine ndikuonabe choncho." Masana ake anakwera minibasi ya ku Blantyre, kukagona kwa msuweni wake.

Lamulungu, pobwerera kwa Mkhumba, anatsikira kwathu. Ndinadikira kuti amwe madzi, kenaka ndinamufunsa mmene zinayendera.

Anati holo inali yodzaza, ena ovala masuti ngati ayamba kale ntchito. Masamu anatsiriza nthawi isanathe. Gawo la kaganizidwe nalo linkayenda bwino, mpaka pamene woyang'anira mayeso, bambo wachikulire wa imvi, anaima kumbuyo kwake.

"Anaima nthawi yaitali, azakhali. Kenaka anakhosomola."

"Ndiye?"

"Ndinafufuta limodzi."

"Liwu lokusinthitsa maganizo unalipeza m'funsomo?"

"Ayi."

"Nanga enawo?"

"Dzanja linapitanso pa labala, koma ndinamuika m'thumba. Enawo ndinawasiya."

Anati ali m'minibasi anabwereza funso lija m'mutu kuyambira ku Limbe mpaka kutsika, ndipo sakukayika: limene anafufuta ndi limene linali lolondola. Anaonjezera, akuseka pang'ono koma maso ali ofiira, kuti potuluka m'holomo anamva bambo uja akukhosomolabe pakhonde. Anali ndi chifuwa chabe.

Zotsatira sizinatuluke. Mwina funso limodzilo silisintha kanthu. Mwinanso, pa anthu odzaza holo amene akulimbirana malo ochepa, ndi lomwelo limene lisiyanitse wopita ku intavyu ndi wobwerera kukazula chinangwa chaka chachinayi. Ine ndinali ndi masiku asanu oti ndichotse chimene tinamuika kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo masikuwo sanakwane.

Zikadzapezeka kuti dzina lake palibe, achibale tidzakhala pansi n'kunena kuti mwanayu sanakonzekere mokwanira. Ndikukupemphani, inu makolo ndi aphunzitsi anzanga, kuti tisananene zimenezo tiyambe tayankha funso ili, popanda kuyang'ana nkhope ya wina aliyense: mwana womaliza amene anakuuzani kuti mwalakwitsa, ali wolondola, munamuchita chiyani?