Magetsi a Njinga pa Maliro a Mlongo Wanga

Ndinadzuka kusanache, nkhuku zikadali m'khola. Kudzuka ndangonena, poti pamaliro munthu sugona, umangotsamira khoma n'kumasinza. M'nyumba munali amayi okhaokha titazungulira bokosi, koloboyi akuthimathima pakona. Lemba momwe ndikunenera, Esinati mdzukulu wanga, usandikonzere mawu. Iwe unali kusukulu ku Blantyre, sunaone. Ndiye ndikufuna iwe ndi anzako odziwa kuwerenga mumve mmene tinaikira agogo ako aamuna, mlongo wanga Lusiyano, amene ndinamubereka kumbuyo ine ndemwe.

Usiku wonse kunalibe nyimbo. Ichi ndicho chinkandidya mtima. Kwathu kuno munthu akamwalira a mpingo amachezera kuyimba mpaka mbandakucha, wodutsa kumsewu amamva yekha kuti uko kwagona munthu. Koma kwa Lusiyano kunali zii. Umangomva wina akutsokomola, wina akusonkhezera chikuni panja pomwe amaothera amuna. Chifukwa chake n'chakuti anamudula mumpingo kalekale, ndipo wodulidwa samuyimbira, samupempherera, samunyamulira nkhata za maluwa. Amangomutenga n'kukamusiya. Ine ndinkati, mwana wa amayi anga apite ngati mbuzi yofa yokha?

Chimene anamudulira ndi vidiyo. Matipate atabwera, zinthu zitamasuka, iye anamanga chisakasa cha mabango pa Chiringa, n'kuikamo sikirini ndi batire la galimoto. Lamulungu m'mawa ana m'malo mopita kutchalitchi ankathawira kwa iye. Akulu a mpingo anamuitana, anamuitananso, iye n'kumangoti ana amabwera okha, sindiwakoka ndi chingwe. Anali wamakani, lemba zimenezo, usabise.

Matepi anali nawo angapo, a nkhonya, a nkhondo. Koma ya pamtima pake inali imodzi, ya katuni, zidole zojambula pamanja koma zoyenda ndi kuyankhula. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhomo pa chisakasacho, ndiye ndinkaimva tsiku ndi tsiku kudzera m'mabango, nthawi zina n'kumasuzumira pampata. Munali chombo chachitali ngati mlamba, chouluka pakati pa nyenyezi, chitanyamula anthu amene dziko lawo linapsa, akusaka poti akakhale. Ankayankhula chilankhulo chimene panalibe wochimva, ngakhale aphunzitsi. Ndiye Lusiyano ankaima pambali pa sikirini ndi kandodo n'kumamasulira yekha za m'mutu mwake. Ankati awa ndi Alomwe, athawa chibalo cha Apwitikizi, taonani akudutsa pampata wa Fort Lister, uyu wasenza makaka. Ana ankagwa nako kuseka, koma ankakhulupirira.

Ankanenanso kuti filimu ili ngati munthu, ili ndi amake ndi agogo ake. Iye paunyamata anakagwira ntchito kumigodi ku Joni, ndipo kumeneko ankawaonetsa mafilimu akale opanda mtundu, a anthu enieni opita kumwezi m'zitini zolendewera pa ulusi, ulusiwo ukuoneka. Ankati amene anajambula katuni uyu ali ana anaonera omwewo, ndipo opanga akalewo anazitenga m'mabuku, ndipo olemba mabukuwo anangogona chagada pabwalo n'kuyang'ana kumwamba ngati ife. Akafika pamenepa ankaloza ndi kandodo kaja n'kumati, chisoti ichi ndinachiona ku Joni, mfuti yowala iyi ndinaiona ku Joni, koma misozi iyi ndi yawo. Ana anamupatsa dzina loti a Kaputeni, potengera mkulu woyendetsa chombo chija.

Ndasochera, tibwerere kumaliro.

Kutayamba kuyera ndinatuluka. Kunali chiperoni, kamvula kopanda madontho kaja kongokunyowetsa osadziwa. Phiri la Michesi osaoneka ngakhale pang'ono, ngati wina walinyamula usiku. Kuseri kwa nyumba atsikana anali atayatsa kale moto, nkhuni zonyowa zikungofuka, utsi ukukwawa pansi. Ena amasenda nandolo, ena amatsuka kalongonda amene anachezera pamoto. Adzukulu okumba manda anadutsa ndi makasu awo atafunda masaka kumutu. Mmodzi wa iwo, wa pakamwa posatseka, anandikuwira kuti, "Amayi, mutiuze, tikumbe pansi kapena tikumbe kumwamba? Paja awa ndi a m'nyenyezi!" Anzake anaseka. Inenso ndinaseka, adzukulu sakwiyiridwa. Koma kuseka kwake kunathera m'misozi.

Anthu anayamba kufika pang'onopang'ono. Abale a ku Muloza, ena ochokera kuseri kwa phiri atayenda ndi mame mpaka m'mawondo. Amayi a kutchalitchi anabwera ndithu, koma atavala zitenje wamba, zoyera zawo atazisiya kunyumba. Anakhala pamphasa mitu ili pansi. Ndinkaona milomo yawo ikufuna kuyamba nyimbo, n'kuibweza. Kenako anafika mkulu wa mpingo, bambo wofatsa amene tinakulira limodzi. Anagwada pafupi nane, chipewa chili m'manja.

"Pepani, achemwali. Tabwera ngati anansi. Ngati mpingo, mukudziwa kale."

"Ngakhale vesi imodzi, abambo? Ya kutsogolo kokha, potuluka m'nyumba?"

"Ndikatero lero, mawa ndidzawauza chiyani ena?"

Sanalakwe, lamulo silinali lawo. Ndinangobwerera m'nyumba n'kukhala pafupi ndi bokosi, n'kumamuuza chamumtima kuti waona makani ako, upita wopanda nyimbo.

Dzuwa sitinalione m'mawa umenewo, ndiye nthawi sindingaidziwe. Ndinangomva panja anthu ayamba kunong'onezana, kenako phokoso lina ngati mvula ikubwera m'chimanga chouma. Ndinasuzumira pazenera. Esinati, njinga. Zinkatuluka m'nkhungu imodzi pambuyo pa inzake, osatha. Anyamata a kabaza a pa Chiringa, a ku Migowi, ogula nandolo, onyamula makala, wina atavala jekete ya ulonda, wina tayi. Amuna akuluakulu a ndevu, ena atakweza akazi awo ndi makanda. Atsikananso analipo, amene tsopano ndi amayi a m'nyumba zawo. Ndinayamba kuzindikira nkhope. Uyu ankandibera chitumbuwa. Uyu ankalowa vidiyo ndi chinangwa chootcha m'malo mwa tambala. Ana a m'chisakasa aja, atakula. Kuyambira nthawi ya Napolo sindinaonenso anthu ochuluka chonchi pamudzi pathu. Palibe anawaitana. Uthenga unangoyenda pa njinga zomwezo.

Sanachite phokoso. Anatsamiritsa njinga m'mitengo, n'kukhala pansi m'matope momwemo. Mmodzi wamtali, wa chipsera pachipumi, anabwera pakhomo n'kugwada.

"Agogo, tikupempha njira ya kumanda. Kumanda kwenikweni sitilowa ndi njinga, tikudziwa mwambo. Njira yokha."

"Muichite chiyani njira, mwanawe?"

"Tiwaperekeze a Kaputeni mmene amaperekezera kaputeni."

Sindinamve chimene amatanthauza. Ndinangoti kauzeni amfumu ndi adzukulu, akalola iwo ine ndine ndani. Anapita, anakambirana, ndinaona amfumu akugwedeza mutu. Kenako njinga zonse zinanyamuka n'kulowanso m'nkhungu. Pabwalo panatsala ife okalamba. Mumtima ndinati basi, aona kuti kulibe nyimbo, abwerera kwawo.

Uthenga unabwera kuchokera kumanda kuti nyumba yatha. Anthu anadya mofulumira chifukwa cha kuzizira. Woimira banja anayankhula mwachidule, amfumu anathokoza anthu. Pomwe pamayenera kukhala ulaliki panangokhala mpata, anthu akuyang'anana. Anatulutsa bokosi. Amayi tinalira, koma kulira kopanda nyimbo kumatha msanga, kumangokhala ngati mwakuwa. Tinayamba kuyenda, amuna patsogolo akulandirana bokosi, ife pambuyo. Umangomva mapazi m'matope, thapwa, thapwa. Ine anandigwira mikono amayi awiri. Maso ndinali nditayang'ana pansi chifukwa cha manyazi.

Njira ya kumanda kwathu ukuidziwa, imatsika pa dambo n'kukwera pakati pa minda ya nandolo. Pamenepo nkhungu inali yakuda bii, ngati kukuda kachiwiri. Titangotsika, mayi wa kumanja kwanga anaima n'kundifinya mkono. Ndinadzutsa mutu.

Kutsogolo kunali nyenyezi. Ndikunena zoona, lemba choncho. Mizere iwiri ya nyenyezi, uku ndi uku, kukwera mtunda mpaka pomwe maso amalekezera, zikuphethira, zina zowala kwambiri, zina zofiirira. Ndinati kodi tafa tonse? Titayandikira ndi pomwe ndinaona. Anyamata aja anali ataimika njinga zonse pa sitandi m'mbali mwa njira, tayala la kumbuyo lili m'malere. Aliyense atagwada pambali pa njinga yake, akupukusa pedulo ndi dzanja, kuti kadayinamo kaja kokhuza tayala kayatse getsi. Amene njinga zawo zinalibe magetsi anagwira matochi pachifuwa. Matayala onsewo akulira pamodzi, wiii, ngati njuchi zili paulendo.

Apo ndinakumbukira. Ndinaziona pampata wa mabango. Kumapeto kwa katuni uja kaputeni wokalamba amamwalira asanafike kudziko latsopano. Anthu ake alibe dothi lomukwirira. Ndiye tizombo tating'ono timandanda mizere iwiri titayatsa nyali, bokosi lake n'kudutsa pakati, kumapita lokha mumdima. Pamenepo Lusiyano sankamasulira. Ankatsitsa kandodo n'kukhala chete, m'chisakasa monse muli zii, kumangomveka nyimbo.

Nyimbo imeneyo ndiyo anaiyamba a njinga aja. Ilibe mawu. Anaiyimba ndi m'mphuno, milomo ili chitsekere, kuyambira wamtali wa chipsera uja, n'kumayenda mzere wonse mpaka pamwamba pa mtunda. Mawu a amuna okhaokha poyamba, okhuthala, ochokera pansi pa mimba. Imayamba pansipansi, n'kukwera pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtolo, ikafika pamwamba n'kuima, n'kutsikanso. Ine ndinkaidziwa yonse. Zaka zonse zija ndikukazinga zitumbuwa inali italowa m'mafupa osandiuza. Ndinangozindikira kuti ndikuyimba nawo.

Onyamula bokosi anachepetsa liwiro okha, mapazi n'kugwera mu nyimbo. Bokosi likadutsa pa njinga, mwini wake amasiya pedulo n'kuimirira, dzanja pamtima, getsi lake n'kumazilala pang'onopang'ono mpaka kuzima. Ndiye kutsogolo kunali kuwala, kumbuyo kwathu nyenyezi zikuthima imodziimodzi. Sindinaonepo chinthu chotere, ngakhale pa maliro a anthu olemera amene amabwera ndi magalimoto.

Kenako kumbuyo kwanga ndinamva mawu aang'ono akulowa pamwamba pa amuna aja. Ndinacheuka. Amayi a kutchalitchi. Woyamba anali mkazi wa mkulu wa mpingo yemwe uja, maso ali otseka, misozi ikutsika. Nyimboyo sankaidziwa, koma amayi amenewa apatseni mzere umodzi, wachiwiri akupezerani okha. Anaigawa mawu monga amachitira Lamulungu, ena pamwamba, ena pakati. Milomo yawo inali yotseka, palibe buku limene anatsegula. Mkulu wa mpingo uja ankayenda chapambali chipewa chili m'manja. Sanayimbe, komanso sanaletse. Pa njinga ina chakumapeto kwa mzere panagwada mwana wawo wachisamba, akupukusa pedulo. Bambo ndi mwana anayang'anana, basi.

Pakhomo pa manda njinga zinathera, monga analonjezera. Anthu analowa wapansi. Adzukulu analandira bokosi, ndipo wa pakamwa uja nkhope yake inali yonyowa, kaya ndi chiperoni kaya. Nyimbo sinaleke mpaka dothi lomaliza. Atatha kuumba mtumbira panalibe woti atseke ndi pemphero, ndiye tinangoima. Mphepo inabwera kuchokera kumpata, nkhungu n'kung'ambika, Michesi n'kutulukira lonse pamwamba pathu, lakuda, lonyowa, lalikulu kuposa masiku onse. Anthu anati aaa, onse pamodzi. Sindikuti chinali chizindikiro, chiperoni chimatero. Ndikungonena zomwe ndinaona.

Pobwerera anyamata aja anabwera kudzandigwira dzanja mmodzimmodzi. Zikhatho zawo zinali zotentha, zina zitatupa ndi kupukusa. Anakwera njinga zawo n'kumapita, ena kutali, kuti kusawadere.

Madzulo pakhomo panatsala anthu ochepa, achibale ogona pamphasa kudikira tsiku lometa. Moto wa kuseri unali utasanduka phulusa. Ndinalowa kuchipinda kwa Lusiyano kukatenga bulangeti. Sikirini ili pa tebulo atayivundikira ndi nsalu, batire lili pansi mawaya atazula, kandodo kaja katatsamira khoma. Tepi ya katuni ija ili pawindo, m'chikwama chake chong'ambika. Sindinakhudze kanthu. Ndinatuluka n'kukhala pakhonde. Kumwamba kunali kutayera, nyenyezi zoyamba zikutuluka pamwamba pa phiri. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, ine amene moyo wanga wonse ndinkangoyang'ana pansi pomwe pali khasu. M'nyumba munali chete, koma sanali chete wa usiku wathawo.

Tsono lemba ichi pomaliza, ulembe ndi zilembo zazikulu kuti amalume ako asadzati sanaone. Ine mumpingo ndilimo, sanandidulepo, tsiku langa adzabwera ndi zoyera zawo n'kundiyimbira mpaka kucha. Zimenezo zili bwino. Koma ukadzangomva kuti agogo atsamira khoma osadzukanso, usadzayambe ndi kulira. Udzathamange pa Chiringa, ukawauze a njinga.